Malume anandiphunzitsa sukulu, lero akufuna ndilembe mwana wawo ntchito

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Dedza amene akugwira ntchito ku Lilongwe. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6, ndipo amene anamulipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka kukoleji ndi malume ake, ndi ndalama za mbatata ya kachewere. Lero mnyamatayu ali m'gulu loyesa anthu ofuna ntchito ya ukalaliki pa ofesi yawo, ndipo mmodzi mwa ofunsirawo ndi msuweni wake, mwana wa malumewo. Malume aimba kale foni kawiri. Funso lake nali: "Ndikakana, kodi sindinataye umunthu? Nanga chikhalidwe chathu chingandiuze bwanji kuchita chinthu chimene lamulo likuti ndi katangale?"

Achimwene, choyamba ndinene kuti kulemera kumene mukumva mumtimako nkoyenera. Munthu asakuuzeni kuti malume anu ndi akuba, kapena kuti nzachimidzi izi. Kwa ife Achewa malume ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wake ndi ake pa matenda, pa ukwati, pa mlandu, pa maliro. Makolo athu analibe penshoni kapena inshuwalansi. Chimene chinkamugwira munthu akagwa chinali m'bale. Amene anaona njala ya 1949, ndi ife amene tinaona ya 2002, tikudziwa kuti mabanja ambiri anapulumuka chifukwa wina wa kutauni kapena wa mudzi wina anatumiza thumba la chimanga osafunsa kuti lidzabwezedwa liti. Akuluakulu akamati kupatsa nkuika, ankanena za moyo umenewu. Malume anu anaika mwa inu, ndipo lero abwera kudzatapa. M'maso mwawo palibe cholakwika chilichonse.

Umu ndi mmene chikhalidwe chimamuumbira munthu. Sichimangomuuza kuti ichi nchabwino, icho nchoipa. Chimamuphunzitsa choti achite nacho manyazi. Mnzanu wa pa ofesi amene anakulira kwina angachite manyazi kumveka kuti analowetsa m'bale wake ntchito. Inu mukuchita manyazi kuganiza zoti kumudzi adzanena kuti "uja anaphunzira ndi ndalama za mbatata, lero watiiwala." Manyazi onsewo ndi enieni.

Koma taganizirani bwino chimene malume anachita. Mbatata imene anagulitsa inali ya m'munda mwawo. Anadzimana feteleza, mwina anadzimana malata a nyumba, kuti inu mukhale m'kalasi. Sanakathyole nkhokwe ya mnansi kuti akulipirireni fizi. Ntchito imene akupemphayi si ya m'munda mwanu. Inu mwangoikizidwa, monga munthu amene mnzake wamusungitsa mbuzi. Ngakhale kumudzi komweko, wosunga mbuzi za eni akapha imodzi kuti asangalatse alendo ake, palibe amene amamutama kuti ndi wopatsa. Amapita naye kubwalo.

Ndipo apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu amene amati chikhalidwe chathu ndicho gwero la kukondera. Chikhalidwe chomwechi chimadziwa bwino lomwe kuti pali ntchito zina zimene chibale chiyenera kuima pambali. Mfumu ikamaweruza mlandu wa malire a munda pakati pa mphwake ndi munthu wobwera, mudzi wonse umatchera khutu. Ikakondera, ulemu wake umathera pomwepo, ndipo anthu amayamba kukatula milandu yawo kwa gulupu. Pamaliro, ofedwa sakumba manda okha, amakumba ndi adzukulu. Paukwati, mwamuna ndi mkazi akayambana sadziweruza okha, pamakhala ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Amene anatiphunzitsa kuti chibale ndi fupa sichiola ndi omwewo anatiuzanso kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife timangokumbukira mwambi woyambawo chifukwa ndi umene umatikomera.

Pa anthu amene afunsira ntchitoyo, ndikhulupirira alipo mtsikana wina wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amenenso ali ndi malume ake anagulitsa mbuzi kuti iye alembe mayeso a Fomu 4. Kusiyana kwake nkwakuti malume akewo alibe nambala yanu ya foni. Ine ndinakhalapo pa mzere wotere zaka zapitazo. Ndinabwereka ndalama ya basi, ndinagona pa benchi kudepoti, mmawa nkukayankha mafunso onse bwinobwino. Patapita sabata ndinamva kwa mlonda wa pa ofesiyo kuti malowo anali ataperekedwa kale kwa mphwawo wa abwana tisanaitanidwe nkomwe. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali kukawauza amayi, amene anali atauza kale anzawo a kumpingo kuti andipempherere.

Dziko lathu lalira kale nawo mtima wa "wakwathu" umenewu. Mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula aphunzitsi kuti akaphunzitse m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri ochokera kumpoto anasamutsidwa m'sukulu za pakati ndi kummwera, ana nkutsala opanda owaphunzitsa. Mu 2013 tinaona Cashgate, ndalama za boma mabiliyoni zikutuluka ku Capital Hill pamene m'zipatala munalibe mankhwala. Zinthu zotere zimakula pamene ofesi yadzaza anthu amene sangafunsane mafunso chifukwa wina analowetsa mnzake. Lamulo lolimbana ndi katangale la mu 1995, limene linabala bungwe lofufuza milandu ya katangale la ACB, silinabwere kudzathetsa chibale. Linabwera chifukwa ofesi ya boma kapena ya kampani ndi nkhokwe ya anthu ambiri osadziwana, ndipo wina ayenera kuilondera.

Tsono muchite chiyani? Lembani kalata kwa wapampando wa gulu lanulo, munene poyera kuti mmodzi mwa ofunsira ndi msuweni wanu, ndipo mupemphe kuti mutuluke pamene akuyesedwa ndiponso popereka mamalikisi. Musanong'oneze mnzanu aliyense wa m'gulumo kuti "uyu ndi wathu". Akapambana yekha, ntchitoyo adzaigwira mutu uli m'mwamba.

Ngongole ya malume ilipobe, ndipo muibweze kuchokera m'thumba mwanu. Msuweniyo muitanitseni agone kwanu, mumukonzere CV, mukhale naye usiku mukumufunsa mafunso ngati amene amafunsidwa pa mayeso a ntchito iliyonse (osati amene gulu lanu lakonza), mumugulire malaya ndi nsapato. Akalephera, mulipirireni kosi, mumuyang'anire malo ena, ngakhale zitenge chaka. Izi zidzakupwetekani m'thumba kuposa kungosintha mamalikisi papepala, ndipo nchifukwa chake zikufanana ndi zimene malume anakuchitirani.

Nkhaniyi musaikambe pa foni kapena pa WhatsApp. Kwerani basi Loweruka mupite ku Dedza. Muyambe mwawauza amayi anu, chifukwa iwo ndiwo akudziwa polowera kwa mlongo wawo. Mutenge shuga, sopo ndi mafuta ophikira monga mwa nthawi zonse, mukhale pansi, mudye kaye nsima. Kenako munene kuti: "Malume, zonse ndili nazozi ndi inu. Ndikachita zimene mwapemphazi nkudziwika, ntchito yanga itha, ya msuweni wanganso itha, ndipo mbatata yanu ija idzakhala yapita pachabe. Ndiloleni ndimuthandize m'njira imene sidzatichititsa manyazi tonse." Mwina adzakwiya, mwina adzakhala miyezi osakuyankhani foni. Inu musaleke kupita, ndipo nthawi ya feteleza ikafika, matumba awo akafike msanga mvula isanagwe.