Kugula galimoto zogonamo ku Britain m'nyengo yachisanu

Achimwene, mwafunsa mmene timayendetsera malonda a galimoto zogonamo, zimene ku Britain amazitcha motorhome, komanso chifukwa chimene ndinakuletserani kugula mu Disembala musanadziwe kasungidwe kake. Ndikufotokozerani mmene ineyo ndimachitira.

Timagula ku Britain chifukwa chiwongolero chimakhala kumanja monga mmene zilili kwathu, ndipo zambiri zimamangidwa pa Fiat Ducato, imene injini yake amakaniko saivutikira kwenikweni. Mitengo imakonda kutsika kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, pamene eni ake asiya maulendo ndipo sakufuna kulipira malo osungirako. Koma galimoto sikwera sitima tsiku limene mwaigula. Imakhala pabwalo milungu ingapo mukukonza mapepala a kalembera wa galimoto otchedwa V5C ndi kudikira malo m'sitima yochokera ku Southampton kapena Tilbury, ndipo m'milungu imeneyi ndi mmene phindu lonse likhoza kuthera usiku umodzi.

Mdani wamkulu ndi madzi. Kukazizira kufika madigiri 0 madzi amaundana, ndipo akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100, zimene zimang'amba mapaipi, pampu, mipope ndi giza, chotenthetsera madzi chija. Ine ndinaphunzira mowawa. Galimoto yanga yoyamba ndinaisiya pabwalo lina mu Januwale nditangokhuthula thanki yaikulu, poganiza kuti ndamaliza. Giza linali lodzaza. Ming'alu yake sinaoneke mpaka ku Lilongwe, pamene wogula anathira madzi n'kuona akutuluka pansi pa bedi, ndipo ndinabweza ndalama zambiri, manyazi ali tho.

Tsopano tsiku lomwelo logula ndimakhuthula thanki ya madzi abwino ndi ya madzi akuda, kenaka ndimatsegula valavu ya giza. Magiza ambiri a kampani ya Truma ali ndi valavu yodzitsegukira yokha kukazizira kufika madigiri pafupifupi 3, komabe sindiidalira pa galimoto yakale, ndimatsegula ndi dzanja. Mipope yonse ndimaisiya yotsegula, chogwirira chili pakati pa madzi otentha ndi ozizira kuti mbali zonse zilowe mpweya, ndipo paipi ya shawa ndimaimasula n'kuigoneka pansi. Pampu ndimaiyatsa kamphindi kuti ilavule otsalira, kenaka ndimayendetsa galimoto pang'ono mavalavu ali otsegula, chifukwa kugwedezeka kumatulutsa madzi obisala m'makona. Chimbudzi chimaiwalika kawirikawiri, pomwe chili ndi kathanki kake kotsukira ndi bokosi la zonyansa, zonse zofunika kukhuthula. Samalani apa: mankhwala oletsa kuundana a m'injini ndi poizoni, ndipo sathiridwa m'mapaipi a madzi akumwa ngakhale pang'ono.

Ku injini nkhani imatembenuka, pakuti kumeneko madzi sachotsedwa. Mu rediyeta muyenera kukhala mankhwalawo osakaniza ndi madzi theka ndi theka, zimene zimateteza mpaka kupitirira madigiri 30 pansi pa 0. Chizolowezi chathu chothira madzi a pampope mu rediyeta chikhoza kung'amba injini kumeneko. Mabatire amakhala awiri, la injini ndi la mbali yogonamo, ndipo batire lopanda moto limaundana msanga kuposa lodzaza, choncho ndimawatchaja n'kumasula mawaya. La injini liyenera kukhala lamoyo, chifukwa pa doko galimoto imalowa m'sitima ikudziyendera yokha, ndipo yokana kulira imakudyerani ndalama zina. Handibuleki sindiikoka, poopa kuti ingagwirane ndi dzimbiri, ndimaika giya ndi kutchinga matayala. Masilinda a gasi ndimachotseratu, pakuti a sitima sawalola.

Chinyontho sichichita phokoso ngati paipi yophulika, koma chimatsitsa mtengo kwambiri. Firiji ndimaisiya yotsegula pang'ono, makabati chimodzimodzi, matilesi ndimawaimika, ndipo sindisiyamo chakudya chilichonse chifukwa makoswe akalowa amatafuna mawaya. Musanapereke ndalama, yesani makoma ndi kachipangizo koyezera chinyontho, makamaka m'mbali mwa mawindo ndi padenga, ndiponso gwadani muone kunsi, popeza mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu umadya chitsulo koopsa.

Za ulendo ndi zomwe mukuzidziwa kale pa galimoto zina. Yanga imatsikira ku Dar es Salaam, dalaivala amaibweretsa kudzera ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe, ndipo msonkho timalipira ku MRA. Funsani wokuthandizani za msonkho musanagule, osati galimoto ili panyanja, chifukwa zaka zake ndi kukula kwa injini zimasintha ndalama zolipira. Ogula anga ambiri ndi eni malo ogona alendo ndi otengera alendo kunyanja kapena ku Nyika. Ikangofika ndimatseka mavalavu onse, ndimadzaza thanki, ndimayatsa pampu, ndipo ndimaisiya usiku wonse pa simenti youma kuti m'mawa ndione ngati pali dontho. Opita ku Nyika ndimawaonetsanso pamene pali valavu ya giza, chifukwa mu Juni ndi Julayi kumtunda kuja chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera.