Ngongole yokha siyikuza geni, achemwali

Mwafunsa kuti bwanji geni yanu siyikukula chonsecho ngongole mwatenga kawiri ndipo makasitomala alipo. Achemwali, musadziyese olephera. Ine ndinagulitsapo zovala kwa zaka zingapo, ndipo chomwe chinandigwetsa sikusowa mpamba ayi. Mpambawo unkathera pakhomo.

Mwana wadwala, ndalama ya geni. Wachibale wabwera ndi vuto, ndalama ya geni. Bambo akunyumba akuti "tandibwerekako, ndibweza Lachisanu", Lachisanulo osafika. Pofika tsiku lokapikula katundu, m'kachikwama mwatsala theka. Kukananso nkovuta, poti mayi akakana amati ngouma mtima, koma bambo akakana amati amadziwa kusunga ndalama.

Izi sizathu zokha. Mu 2005 ku Sri Lanka ofufuza anagawa ndalama kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono. Phindu la abambo linakwera, la amayi silinasunthe. Ena anayamba kunena kuti amayi sadziwa bizinesi. Koma kafukufuku wina wa mu 2019, yemwe anaunikanso za ku India ndi Ghana, anapeza kuti nthawi zambiri ndalama ya mayi inkalowa mu bizinesi ya mwamuna wake. Pakhomo pomwe mayi anali yekha wochita geni, phindu linkakwera bwinobwino.

Palinso nthawi. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena mu 2018 kuti pa ntchito zosamalira pakhomo zosalipidwa, amayi amagwira maola 76 pa maola 100 aliwonse. Inu mukutseka msanga kuti mukaphike, mnzanu wamwamuna akugulitsabe mpaka mdima. Za chikole ndiye musanene: nyumba ndi malo zili m'dzina la bambo, banki ikukanani, mukuthera kwa akatapila omwe chiwongoladzanja chawo chimameza phindu lonse.

Ndiye musathamangire ngongole yachitatu. Yambani mwatseka pomwe pakudontha. Ndalama ya geni ikhale pa akaunti yakeyake, nambala yachinsinsi muzidziwa nokha. Dzipatseni malipiro pa sabata, ndipo zapakhomo zizichoka pamenepo basi. Mukagulitsa, pikulani katundu msanga, chifukwa ndalama ya m'manja aliyense amaiona, pomwe katundu wa pashelefu palibe amabwera kudzabwereka.

Ine chinanditsegula maso ndi kakope. Ndinkalemba chilichonse chotuluka, ngakhale ya sopo. Patatha mwezi ndinawaonetsa bambo akunyumba tsamba la ngongole zawo. Anangoti kukamwa yasa, kenaka nkufunsa ngati ndalemba bwino.