Apilo pa malangizo amene jaji anapereka kwa jury: yankho kwa mayi wa ku Indiana

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku South Bend, ku Indiana ku America, komwe kuli aMalawi ambiri ndithu. Dzina sinditchula. Amuna awo anamwalira pa ngozi, thiraki inaterereka pa ayezi nthawi yozizira nkudzawomba galimoto yawo. Banja linasumira kampani ya thirakiyo kufuna chipukuta misozi, mlandu unazengedwa, jury, gulu la anthu wamba amene amagamula mlandu, inati dalaivala analibe mlandu. Loya wawo akuti vuto ndi malangizo amene jaji anawawerengera anthu a jury, ndiye achite apilo. Funso la mayiwa ndi loti, apilo imeneyi ndi yotheka kapena ndingotaya ndalama?

Amayi, pepani kwambiri. Kuluza mlandu pambuyo pa maliro kuli ngati kuikanso maliro kachiwiri, ndikumva ululu wake m'mawu anu.

Tiyambe ndi chimene chimatisokoneza ife a kwathu. Ku Malawi mlandu wa chipukuta misozi amaweruza ndi jaji yekha. Ku America ndi anthu wamba, ku Indiana pa milandu yotereyi amakhala anthu 6, mwina wina ndi mphunzitsi wina wogulitsa mushopu, malamulo sawadziwa. Ndiye asanalowe mchipinda kukakambirana, jaji amawawerengera malangizo, kuti lamulo likuti chakuti, ngati mwapeza chakuti gamulani chakuti. Mawu amenewo ndi amene amanyamula mlandu wonse, chiganizo chimodzi chopindika chimatha kutembenuza chigamulo.

Pa nkhani yanu mwati jaji anawauza za sudden emergency. Lamulo limeneli limati munthu amene wakumana ndi zoopsa mwadzidzidzi sitimuyeza ngati munthu amene anali ndi nthawi yoganiza mofatsa. Koma lili ndi malire ake, ndipo khoti lalikulu la Indiana linawafotokoza pa mlandu wa Willis v. Westerfield mu 2006: zoopsazo asakhale kuti anazipanga yekha ndi kusasamala kwake, zikhale zadzidzidzi zosapereka mpata woganiza, komanso mantha akewo akhale omveka. Apa ndi pamene ine ndikuona kuti loya wanu ali ndi poyambira. Ayezi mu January ku South Bend ndi chinthu chadzidzidzi? Aliyense wokhala kumeneko amadziwa mmene snow ya ku Lake Michigan imakhalira, dalaivala wa thiraki amene wayenda tsiku lonse pa msewu woterera ndipo sanachepetse liwiro, kunena kuti zinamudzidzimutsa, ine sizikundilowa. Ngati umboni unasonyeza kuti ankathamanga kapena anayandikira kwambiri galimoto yakutsogolo, malangizo amenewo mwina sankayenera kuperekedwa nkomwe.

Koma tsopano mvetserani bwino chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amakhumudwa. Apilo si kuzenganso mlandu. Simukaimanso kufotokoza za amuna anu, mboni sizibweranso, palibe jury. Majaji atatu a Court of Appeals amangowerenga mapepala a zimene zinanenedwa mukhoti loyamba ndi mfundo za maloya, basi. Amafunsa ngati malangizowo ananena lamulo molondola, ngati panali umboni woyenera kuti aperekedwe, komanso amawawerenga onse pamodzi kuona ngati ena anakonza cholakwikacho. Ndiye ngakhale apeze cholakwika amafunsanso, kodi chinasintha chigamulo? Akaona kuti jury ikanagamula chimodzimodzi amati harmless error, apilo yathera pomwepo.

Funso loyamba kumufunsa loya wanu mawa m'mawa ndi ili: kodi munakana malangizo amenewo mukhoti, jury isanalowe kukakambirana, ndipo munanena chifukwa chake? Trial Rule 51 ya Indiana, limodzi mwa malamulo a kazengedwe ka milandu, imafuna zimenezo. Ngati loya anangokhala chete, kapena anakana mwachisawawa osatchula chifukwa, majaji a apilo kawirikawiri amati mwayi munautaya nokha. Musangomva yankho la pakamwa, auzeni akuonetseni tsamba la transcript, mapepala olembedwa zonse zimene zinanenedwa mukhoti, pamene anakanapo. Si mwano umenewo, mlandu ndi wanu. Ife timakula ndi ulemu woti munthu wophunzira sitimufunsa kawiri, koma ulemu umenewo apa ungakuwonongereni.

Chachiwiri ndi nthawi. Ku Indiana muli ndi masiku 30 okha kuchokera pamene chigamulo chalembedwa kuti mupereke Notice of Appeal, kalata yodziwitsa khoti kuti mukuchita apilo, pokhapokha loya atapereka kaye motion to correct error, pempho loti khoti loyamba lomwelo likonze cholakwika, yomwenso ili ndi masiku 30 ake. Mu imelo simunandiuze tsiku la chigamulo ndipo ichi ndi chimene chikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Werengani masiku lero lomwe.

Mudziwenso chimene mungapate mukawina. Khoti la apilo silikupatsani cheke, limangolamula kuti mlandu uzengedwenso ndi jury yatsopano, ndiye kuti mudzamvanso zonse za tsiku la ngozi lija, zithunzi, malipoti a apolisi, ndipo a kampani adzayesanso kunena kuti amuna anu nawonso analakwitsa, chifukwa ku Indiana jury ikapeza kuti kulakwa kwa malemu kunaposa 50 peresenti banja silipata kanthu, ikakhala yochepera ndalama zimadulidwa molingana. Ubwino wake, nthawi zambiri a inshuwalansi akaona kuti apilo yawaipira amabwera kudzakambirana kuti nkhani ithere panja pa khoti.

Za ndalama, funsani momveka. Mgwirizano umene munasainira woti loya adzatenga gawo lake mukawina, nthawi zina sukhudza apilo, ndipo transcript ya mlandu wa masiku angapo imalipiridwa payokha. Zikhale zolembedwa.

Maganizo anga ndi awa amayi: ngati kukana kuja kulipo mu transcript, chitani apilo, ndipo pezani loya wina amene ntchito yake ndi ma apilo enieni awerenge mapepalawo, asakhale yemweyo amene anazenga mlandu yekha chifukwa munthu savomera msanga pamene iye anaphonya. Ngati kulibe, khalani pansi ndi ana ndi abale mukambirane musanalipire kalikonse. Mundilemberenso mukaona tsiku la chigamulo lija.