Potaziyamu ndi miyendo ya bambo anu

Mayi wina wa ku Chipoka wandilembera kuti bambo ake atachira kutsegula m'mimba, miyendo yalefuka ndipo mtima ukugunda modukizadukiza. Kuchipatala awauza kuti potaziyamu, umodzi mwa michere ya m'thupi, wachepa m'magazi. Akufunsa kuti zikugwirizana bwanji.

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa kolera wa 2022 mpaka 2023 kuno ku Nkhotakota. Mchemwali wanga kutsegula kunaleka, koma pamphasa samadzuka, mimba ili tuu. Abale anayamba kunong'onezana kuti alipo wamuchita chipongwe, ena kutchula ndi maina omwe. Mpaka lero mtima umandiwawa kuti mabanja amadana chifukwa cha chinthu choti magazi akayezedwa chimaoneka.

Selo iliyonse, kachigawo kakang'ono kwambiri kopanga thupi, yakutidwa ndi kachikopa ka mafuta. Potaziyamu wambiri amakhala mkati, pafupifupi 140 mmol (muyezo wa kuchuluka kwake) pa lita, pomwe m'magazi ndi 3.5 mpaka 5 basi. Pakachikopapo pali timipata ta puloteni totseguka ndi kutsekeka. Mtsempha wotumiza mauthenga kapena mnofu ukamagwira ntchito sodiyamu, wa mu mchere wothira m'ndiwo uja, amalowa, kenako potaziyamu amatuluka kuti selo ikonzekere ulendo wina, ndipo kulowa ndi kutulukaku ndiwo magetsi a m'selo. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley anafotokoza zimenezi mu 1952 atayeza mtsempha wa squid, nyama ya m'nyanja yamchere. Kutsegula m'mimba kukataya potaziyamu, magetsi a m'selo amasokonekera, mwendo n'kulefuka, matumbo n'kuima, mtima n'kusokoneza kagundidwe.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sodiyamu ndi wamng'ono kuposa potaziyamu, koma kampata ka potaziyamu kamakana wamng'onoyo. Ukonde wa asodzi a ku Senga Bay sungatero, umadutsitsa kakang'ono n'kugwira chachikulu. Roderick MacKinnon wa ku Rockefeller University ku New York ndiye anaonetsa chifukwa chake mu 1998, pa kampata ka bakiteriya wotchedwa Streptomyces lividans. Sodiyamu ndi potaziyamu onse amayenda atakutidwa ndi madzi, ndipo polowa ayenera kuwasiya. Maatomu a okosijeni a pakhosi pa kampatako anayalana mokwanira potaziyamu ndendende, motero amasiya madziwo mosavuta. Sodiyamu sawafikira onse, ndiye amakakamira madzi ake n'kutsala kunja. Pa sekondi imodzi potaziyamu okwana mamiliyoni 100 angathe kudutsa. Mu 2003 MacKinnon analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Peter Agre.

Ndinene mosabisa, ana athu akuloweza mawu awa kusukulu kuti akhoze mayeso, osauzidwa kuti akunena za agogo awo, ndipo uku n'kuwalakwira. Ngakhale glibenclamide amene odwala shuga amamwa amagwira ntchito potseka timipata ta potaziyamu m'kapamba kuti insulin atuluke. Ndi angati anauzidwapo?

Zoti muchite

Madzi a mchere ndi shuga osakaniza panyumba alibe potaziyamu, paketi ya ORS ndiyo ili naye. Bambo adye nthochi, mbatata, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Ngati amamwa mapiritsi a BP okodzetsa, adokotala adziwe. Musawagulire mapiritsi a potaziyamu panokha, makamaka ngati impso zili ndi vuto, chifukwa akachuluka amaimitsa mtima. Ndi kagundidwe mwanenako, abwerere kuchipatala lero.