Mafunso Anu: Samu Ikabisala M'nkhani, Tiyambire Pati?

FUNSO: Zikomo Aphunzitsi. Ndine mayi wa ku Balaka ndipo ndimagulitsa mu okala. Mwana wanga wamkazi ali ku sekondale. Akamupatsa ma simultaneous equations olembedwa kale ndi zilembo amawapeza bwinobwino, koma samu yomweyo ikabwera ngati nkhani, amangoti maso pa pepala mpaka misozi kulengeza. Sabata yatha anabwera ndi iyi: makope 3 ndi zolembera 2 mtengo wake ndi K2,700, pamene makope 5 ndi zolembera 4 mtengo wake ndi K4,700, kodi kope limodzi ndi ndalama zingati, nanga cholembera chimodzi? Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Kodi ndingamuthandize bwanji?

YANKHO: Mayi, musadziderere, chifukwa samu imeneyi mumaichita tsiku lililonse pawindo la okala yanu, kungoti simuilemba ndi zilembo. Tiyerekeze kuti pabwera ogula awiri. Woyamba watenga makope 3 ndi zolembera 2 nalipira K2,700, wachiwiri watenga makope 5 ndi zolembera 4 nalipira K4,700. Woyamba uja akanati abwerenso kudzagula katundu yemweyo kachiwiri, bwenzi atatenga makope 6 ndi zolembera 4, ndipo ndalama zonse zikanakwana K5,400. Tsopano muwaike pamodzi awiriwa: onse ali ndi zolembera 4, motero zolemberazo sizingakhale chifukwa chimene ndalama zawo zikusiyanirana. Chimene chikuwasiyanitsa ndi kope limodzi lokha, ndipo kusiyana kwa K5,400 ndi K4,700 ndi K700. Umenewo ndiye mtengo wa kope. Makope 3 a wogula woyamba adya K2,100, ndiye kuti K600 yotsalayo ndi ya zolembera ziwiri, chilichonse K300.

Zimene tachitazi ndi zomwe aphunzitsi a mwana wanu amazitcha elimination, kutanthauza kufananitsa chinthu chimodzi mbali zonse ziwiri kuti chifafanizike, kutsale chimodzi chokha chosadziwika. Polemba m'kope, mwanayo anene kuti k ndi mtengo wa kope limodzi ndipo c ndi mtengo wa cholembera chimodzi. Wogula woyamba akupereka 3k + 2c = 2,700, wachiwiri akupereka 5k + 4c = 4,700. Achulukitse mzere woyamba wonse ndi 2, osaiwala ndalama za kumapeto, apeze 6k + 4c = 5,400, kenaka achotsemo mzere wachiwiri, ndipo k = 700 itulukira yokha.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi pa chiganizo chija chakuti "k ndi mtengo wa kope limodzi". Ana ambiri amachidumpha, kapena amangolemba kuti "k ndi makope", ndipo vuto lonse limayambira pomwepo. Chilembo mu aljebra sichiimira chinthu chogwirika ndi manja, chimaimira nambala imene sitinaidziwe: mtengo, zaka, kuchuluka kwa ziweto, kutalika kwa ulendo. Mwana amene m'mutu mwake k ndi kope lenileni amatha kulemba 3k + 2c molondola mwamwayi, koma akakumana ndi funso limene mawu ake ndi okhotakhota amasokonezeka, chifukwa sadziwa chimene akuwerengera. Choncho asanalembe equation iliyonse (mzere ngati 3k + 2c = 2,700), mumufunse m'Chichewa kuti, "Kodi akufuna upeze nambala ziti?" Kawirikawiri yankho limakhala m'chiganizo chomaliza cha funsolo. Akatchula zinthu ziwiri zosadziwika, afufuze mfundo ziwiri zosiyana zimene nkhaniyo yapereka, pakuti zosadziwika ziwiri zimafuna ma equation awiri. Ndikuti zosiyana chifukwa wogula wachiwiri uja akanatenga makope 6 ndi zolembera 4 pa K5,400, sakanatiuza chatsopano chilichonse, ndipo samuyo sikanakhala ndi yankho limodzi.

Mafunso a zaka ndiwo amagwetsa ana ochuluka, ndiye mumuyese ndi ili. Bambo amaposa mwana wake ndi zaka 28, ndipo pakatha zaka 6, zaka za bamboyo zidzakhala zaka za mwanayo kuchulukitsa katatu. Ngati b ndi zaka za bambo lero ndipo m ndi zaka za mwana lero, mfundo yoyamba ndi b = m + 28. Pa mfundo yachiwiri pali mbuna ziwiri. Ena amawonjezera 6 kwa bambo yekha, ngati kuti mwanayo sakula, ndipo ena amaika 3 kumbali ya bambo. Koma wamng'ono ndiye ayenera kuchulukitsidwa kuti afanane ndi wamkulu, choncho cholondola ndi b + 6 = 3(m + 6). Tikaika m + 28 pamalo pa b, tipeza m + 34 = 3m + 18, kutanthauza kuti 2m = 16. Mwanayo ali ndi zaka 8 ndipo bambo ali ndi 36.

Akapeza yankho asathamangire kutseka kope. Alibweze m'mawu a funso lenilenilo, osati mu equation imene walemba yekha, chifukwa equation ikakhala yolakwika idzavomerabe yankho lolakwikalo. Pakatha zaka 6 bambo adzakhala ndi 42, mwana 14, ndipo 14 katatu ndi 42 ndithu. Apa ndi pamene inu mungagwire ntchito yaikulu ngakhale simudziwa aljebra: mwana akakuuzani kuti cholembera chikugulidwa ndalama zochepera ziro, kapena kuti bambo ndi wamng'ono kuposa mwana wake, mudziwa msanga kuti penapake palakwika.

FUNSO: Ndikukonzekera mayeso a MSCE ku Kasungu. Njira yabwino ndi iti, elimination kapena substitution?

YANKHO: Zonse ziwiri zimafikitsa pa yankho limodzi, mwana wanga, ndipo funso likapanda kutchula njira, ukhoza kusankha wekha, bola uonetse ntchito yako mzere ndi mzere. Substitution, imene ndagwiritsa ntchito pa samu ya zaka pamwambapa poika m + 28 pamalo pa b, imapepuka pamene chilembo chimodzi chaima chokha kale kapena n'chosavuta kuchipatula. Elimination imaposa pamene zilembo zonse zili ndi manambala patsogolo, monga pa makope ndi zolembera paja, chifukwa kupatula k mu 3k + 2c = 2,700 kungakulowetse m'ma fraction popanda chifukwa.

Yesera ndi iyi: m'khola muli mbuzi ndi nkhuku, mitu 30 ndi miyendo 84. Ngati x ndi chiwerengero cha mbuzi ndipo y ndi cha nkhuku, mitu ikupereka x + y = 30, miyendo ikupereka 4x + 2y = 84. Chulukitsa mzere woyamba ndi 2, uchotse zimene wapezazo mu mzere wachiwiri, utsala ndi 2x = 24, ndiye kuti mbuzi zilipo 12 ndipo nkhuku 18. Samu ya mtundu uwu ndi yakale kwambiri, moti akatswiri a ku China ankaifunsa zaka zoposa 1,000 zapitazo ndi nkhuku ndi akalulu, mitu 35 ndi miyendo 94. Imeneyo uipeze ndi njira zonse ziwiri, ndipo ukapeza nkhuku 23 ndi akalulu 12 maulendo onse awiri, uone wekha njira imene yakutengera mizere yochepa.