Bolodi lalitali limakhotera kumchira, achimwene

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu: chifukwa chake longboard yanu, bolodi lalitali losewerera pa mafunde, ikukana kukhota mafunde akakhala ang'onoang'ono ku gombe la Muizenberg ku Cape Town, bolodi loti mugule, ndi koti ana akaphunzire. Za anazo ayankha ena. Ine ndikamba za kukhotazo, popeza ndi zimene zinandisiyira chipsera pa nsidze yakumanzere.

Koma ndiyambe ndi amene akuuzani kuti vuto ndi kutalika kwa bolodi, ndiye mugule shortboard, bolodi lalifupi. Ndikukayika ngati anapondako m'madzi a ku Surfers' Corner, posewerera mafunde pa Muizenberg pomwepo. Mafunde a pamenepo ndi aulesi, amabwera mofatsa pa mchenga wotsetsereka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mukayang'ana m'madzimo mumangoona mabolodi ataliatali. Ndi kabolodi kakafupi mudzangopalasa mpaka mapewa kuwawa, agogo a zaka 60 akukudutsani pa bolodi la mafiti 9.

Vuto lanu ndi pamene mukuima. Mukuima pakati pa bolodi, eti? Pakatipo ndi pothamangira, si pokhotera. Inu ngati munakwerako bwato kumudzi mukudziwa kuti wowongola ndi wakumbuyo, wapakati amangowonjezera liwiro. Ine ndine wa ku Nkhotakota, izi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma nditafika pa bolodi nzeru zonse zinathawa. Longboard imazungulira pa fin, chipsepse chija chili pansi kumchira. Mukaima pakati, m'mbali monse mwa bolodi muli m'madzi, mafiti 9 onsewo, ndiye ngakhale mupendeke chotani lingopita kumene linaloza. Bwererani m'mbuyo mpaka phazi lakumbuyo likhale pamwamba pa fin kapena pafupi napo. Lipondeni. Mphuno ya bolodi idzuka pang'ono, theka lakutsogolo lituluka m'madzi, ndipo mudabwa kuona chinthu chachikulu chonchi chikutembenuka mosavuta.

Tsiku limene ndinavulala linali Loweruka m'mawa mu June, mafunde ofika m'mawondo basi. Ndinagwira funde bwinobwino, n'kuimirira, ndipo ndinaona kuti kudzanja lamanja kudakali kosalala, sikunasweke. Ndili pakati pa bolodi pomwepo ndinadziponya thupi lonse kumanja ngati ndikukhotetsa njinga yamoto. M'mbali mwa bolodi munamira, bolodi linaima nji, ine n'kugwera kutsogolo. Kugwako sikunali kanthu. Cholakwa changa chinali kuvuuka msanga osakuta mutu ndi manja. Leash, chingwe chomangira bolodi kumwendo, inali itakokeka, bolodi linabwerera, ndipo fin inandipeza pamwamba pa diso. Masitichi asanu, masabata atatu osalowa m'madzi, ndi abwana kuntchito akundiyang'ana ngati ndinamenyedwa kumowa. Ndiye ndikupempheni: mukagwa, khalani kaye pansi pa madzi kamphindi, ndipo potuluka manja akhale atakuta mutu. Ngakhale funde likhale laling'ono chotani. Bolodi lalitali ndi lolemera, silisankha.

Funde laling'ono lilibe mphamvu yokugwirani mukapendeka kwambiri, ndiye musamakhote ndi thupi lonse. Yambani ndi maso. Yang'anani kumene mukufuna kupita, osati pamapazi, osatinso munthu amene mukuopa kumugunda, chifukwa amene mwamuyang'anayo ndi amene mumugunde. Mutu ukatembenuka mapewa amatsatira, kenako chiuno, kenako bolodi. Mawondo pindani, msana usawerame. Kukhotera kumene chifuwa chaloza mumadina ndi zala zakumapazi, kukhotera kumsana mumadina ndi zidendene, ndipo kumsanako kumavuta kwa aliyense poyamba. Bolodi limachedwa kuyankha. Mukaponda, lipatseni mpata. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amaponda, akaona kuti silikutembenuka nthawi yomweyo amawonjezera mphamvu, n'kugwa.

Chimene anthu amaiwala ndi ichi: kuponda kumchira kuli ngati buleki. Mukangokhota, bwererani kutsogolo msanga, apo ayi funde likusiyani muli chiimire. Ndiye kwenikweni mumakhala mukuyenda pa bolodipo, kumbuyo pokhota, pakati pothamanga, kumbuyonso. Akatswiri amayenda mopingasa miyendo, cross-step ija. Inu pakadali pano ingokhwekhwerezani mapazi, palibe akuwerengerani mamalikisi.

Njira ina yozemba nayo ntchito yonseyi: musanaimirire, mukupalasa, lozetsani mphuno ya bolodi pang'ono chakumene funde likupita, osati molunjika kumtunda. Mukadzuka mumapezeka muli kale chammbali mwa funde. Ndiponso ngati mudakasewera m'thovu loyera lapafupi ndi gombe, musadzivutitse, m'thovu bolodi limangokankhidwa. Pitani kumbuyo kumene mafunde sanasweke.

Muyang'anenso fin yanu. Pa longboard zambiri fin yapakati imalowa m'kangalande, yomangidwa ndi sikuluu imodzi, ndipo imasuntha. Mukaikankhira kutsogolo bolodi limamasuka, limakhota msanga. Mukaibweza kumbuyo limakhazikika koma limauma khosi. Sunthani pang'ono, ngati mulifupi mwa chala, muyese tsiku lonse, kenako musunthenso. Langa linali ndi fin ya mainchesi 10 itafika kumapeto kwenikweni kumbuyo, ndipo ndinatha miyezi ndikudziona ngati wopanda luso. Mabolodi ofewa obwereketsa aja fin zake ndi zapulasitiki zopindika, amaterereka mukaponda mwamphamvu, choncho musaweruzire luso lanu pamenepo.

Za kugula ndingokuchenjezani. Loyamba langa ndinagula pa Facebook kwa munthu wina, cha m'ma R2,500, ndikusangalala kuti ndatola. Linali litamwa madzi. Kulemera ngati chitseko, pamwamba pena pofewa mukadina ndi chala, ndipo dzuwa likawomba kumchira kunkatuluka timadontho tamchere. Bolodi lotere silikhota, ngakhale muponde bwanji. Musanapereke ndalama linyamuleni, lidinedine ndi chala chachikulu paliponse, muyang'anitsitse pamene pamalowa fin ngati pali mng'alu. Lakale koma labwino yembekezerani R4,000 mpaka R7,000 kapena kupitirirapo, mitengo imasinthasintha. Kubwereka bolodi ndi wetsuit, chovala choteteza ku kuzizira m'madzi, m'mashopu a m'mphepete mwa gombe, nthawi yomaliza imene ndinabwereka, kunali cha m'ma R150 pa ola, mufunse kaye. Ine ndikanakhala inu ndikanabwereka mabolodi osiyanasiyana kwa mwezi ndisanagule. Leash mugule yotalika ngati bolodi lenilenilo, ndipo ilipo yomanga pansi pa bondo, siikola mapazi mukamayenda.

Nthawi yopita ndi yofunikanso. M'chilimwe cha kuno, kuyambira cha mu November mpaka February, south-easter, mphepo ya kummwera chakum'mawa, imawomba kuchokera kunyanja ngati mwera wa kwathu, mafunde amasokonekera, ndipo nthawi zina imabweretsa ma bluebottle, timabuluu tija toluma ngati moto. Pitani m'mamawa mphepo isanadzuke. Masiku abwino ndi a m'nyengo yozizira, mphepo ikamachokera kumpoto chakumadzulo, madzi amasalala ngati galasi. Kuzizira kokha ndiye konyansa, wetsuit ya 4/3, yokhuthala mamilimita 4 pathupi ndi 3 m'manja ndi m'miyendo, musaisiye. Loweruka masana musayese n'komwe kuphunzira kukhota, pamakhala anthu ngati msika wa Lizulu, ndipo bolodi lanu likathawa lipweteka mwana wa eni. Amene ali pafupi ndi pamene funde layambira kusweka ndiye mwini funde, musamulowerere kutsogolo.

Amene analemba kuti shaki zikudyani, asakuopsezeni, koma mbendera muziziyang'ana. A Shark Spotters, gulu loyang'anira shaki, akhala akulondera pamenepo kuyambira 2004, amakhala paphiri cha ku msewu wa Boyes Drive. Yobiriwira ndiye kuti m'madzi mukuoneka bwino, yakuda ndiye kuti sakuona bwino, yofiira khalani tcheru, yoyera ndi sailini tulukani osakambirana. Yakudayo imakhalapo kawirikawiri, musadabwe nayo.

Ngati mumabwera pa galimoto, makiyi musabise pa tayala, anyamata amakhala akuonerera. Ine ndimakwera sitima ya Southern Line, siteshoni ili pagombe penipeni, ndipo bolodi ndimasungitsa kwa mnzanga wa ku Capricorn, dera lapafupi ndi Muizenberg.