Fangasi wopha mitengo ya elm naye amafuna mnzake

Mayi wina wanditumizira imelo: "Mtengo wanga wa elm ukufota. Akuti fangasi wake amakwatirana. N'zoona, nanga zikundikhudza bwanji?"

Mayi, funso lanuli landiutsira mkwiyo wakale. Ndili pasukulu ndinafunsa zomwezi, aphunzitsi n'kuti ndingoloweza dzina la fangasiyu lakuti Ophiostoma ulmi, zinazo sizibwera pamayeso. Zinandiwawa moti masana ndinkatsalira mu labu, kumamezetsa fangasiyu pa tizidutswa ta nthambi m'timbale. Akakhala wa mtundu umodzi amangoyanga, n'kumatulutsa timbewu tofanana ndendende ndi kholo. Koma mukakumanitsa mitundu iwiri, imene amaitcha MAT-1 ndi MAT-2, pamamera timitsuko takuda ta khosi lalitali, kunsonga kwake kadontho konanda kodzaza timbewu tosakanikira. Christine Buisman, wasayansi wa ku Netherlands, anazionetsa kale zimenezi mu 1932. Aphunzitsi aja anatimana phunziro lenileni, ndipo sindisintha maganizo.

Taonani. Mliri woyamba wa matendawa unabwera ndi Ophiostoma ulmi uja. Mliri wachiwiri unabuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, wobwera ndi fangasi watsopano, Ophiostoma novo-ulmi, amene wasayansi wina, Clive Brasier, anamupatsa dzina mu 1991. Ku Britain kokha kunafa mitengo yoposa 25 miliyoni. Kumene mliri unkangofika kumene, fangasi watsopanoyu kawirikawiri ankakhala wa mtundu umodzi, onse ofanana. Zimenezi zinkamuika pangozi, chifukwa mavairasi ake ankafalikira mosavuta n'kumufooketsa. Anapulumuka bwanji? Anaberekana apo ndi apo ndi ulmi wakale uja, n'kutengako majini (tizinthu timene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) amene ankamusowa, kuphatikizapo a MAT-1. Kenako wakaleyo anamukankhira kunja, mpaka anazimiririka m'madera ambiri. Ndiye munthu azinena kuti nkhaniyi n'njosafunika?

Nanga mtengo wanu?

Ukwatiwu suchitikira m'masamba akufotawo. Umachitikira pansi pa khungwa la mtengo wodwala kapena wakufa, m'tinjira timene tizilombo totchedwa Scolytus timaboola poikira mazira. Ana a tizilomboti akatuluka, timbewu tija tawamatirira, amakadya panthambi za mtengo wamoyo, fangasi n'kulowa m'misempha ya madzi, misemphayo n'kutsekeka. Choncho itanani katswiri wa mitengo aone msanga. Nthambi zodwala zidulidwe, zipika zisendedwe khungwa kapena zitenthedwe, ndipo musaziunjike pakhomo ngati nkhuni. Ngati pali elm wina pafupi, amuonenso, chifukwa matendawa amadutsanso m'mizu yolumikizana.